Mapanga awiri avumbwitsa, nanga asanu?

Amene anapeka mwambi woti mapanga awiri avumbwitsa ankanena za wapaulendo amene mvula yamupeza kuthengo. Wabisala m'phanga lina, koma poona lina patsidya akuti labwino ndi ilo, nathamangirako. Atafika uko akukumbukira kuti loyamba lija silimadontha, nabwereranso. Pomwe mvula ikukata, mkulu uja wanyowa mpaka kabudula wamkati. Makolo athu anali achifundo powerenga mapanga awiri okha, komanso sanafike ku Joni. Kuno Mmalawi akamva mutu kuwawa ali ndi mapanga asanu: okala ya pakona imene eni dziko amati spaza, famase ya m'tauni, kiliniki ya boma, msika wa zitsamba wa Faraday, ndi azakhali a ku Mangochi amene amalemba mankhwala pa WhatsApp. Onsewa ndi okonzeka kumupatsa chomwa, ndipo palibe amene akudziwa chimene mnzake wapereka. Chimadziwa ndi chiwindi chokha, poti zonse zimakathera kwa icho.

Inu amene mukuphunzira udokotala ku Wits kuja ku Parktown, unamwino ku Baragwanath, ngakhalenso inu achemwali amene mukuchita kosi yosamalira okalamba kuti mupeze ntchito ku Sandton, mabuku anu amaika mankhwala alionse pa tsamba lawolawo, mwaulemu, osakhudzana. Wodwala sabwera motsata masamba. Amabwera atasakaniza kale.

Tiyerekeze achimwene ena a kwathu, mlonda wa usiku ku Randburg, ndipo mwezi ndi wa Juni. Mzinda wa Joni uli pamtunda woposa mamita 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, moti m'mawa wa Juni udzu umayera mbuu ndi chisanu. Chimfine chawagwira, thupi likuphwanya, koma kujomba sangajombe, poti tsiku lojomba silikhala ndi malipiro ndipo kumudzi akudikira ya feteleza. Kukiliniki awapatsa Panado: mibulu iwiri, kanayi pa tsiku. M'bulu uliwonse uli ndi mamiligalamu 500 a paracetamol, ndiye pa tsiku akwana 4,000, omwe ndiwo malire a munthu wamkulu. Namwino sanalakwe kanthu. Koma achimwene aona kuti Panado akuchedwa, apita ku spaza, agula timapepala titatu ta Grand-Pa, ufa uja amauthira pa lilime nkutsitsira ndi Coke. Kapepala kalikonse kali ndi mamiligalamu 324 a paracetamol yemweyo, kuphatikiza aspirin ndi caffeine. Pofika m'mawa tulo sitikubwera, mnzawo wogona naye chipinda wawapatsa Adco-Dol awiri, ndipo m'menemonso muli paracetamol, 450 pa m'bulu, wobisala kuseri kwa codeine. Werengerani nokha: 5,872. Mukawafunsa adzakuuzani kuti amwa mankhwala atatu osiyana, ndipo sakunama mwadala. Mabokosi ndi osiyanadi, mitengo yake ndi yosiyana, koma mlendo amene walowa m'thupi katatu konse ndi mmodzi, amangosintha malaya.

Kuti timve chimene chikuchitika mkatimo, tiyeni titsatire piritsi. Likamezedwa limasungunuka m'chifu, koma mbali yaikulu ya mankhwala imalowa m'magazi kudzera m'matumbo ang'onoang'ono. Magazi ochokera m'matumbowo sapita molunjika ku mtima ayi. Amayamba adzera mu mtsempha waukulu wopita ku chiwindi, chiwalo cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka chimene chili kumanja, pansi pa nthiti. Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Park Station akudziwa Beitbridge: palibe katundu amene amadutsa osatsitsidwa. Chiwindi ndiye Beitbridge ya thupi. Chili ndi antchito ake, ma enzyme, amene amamasula katundu aliyense, wina nkumulanda, wina nkumusintha kuti impso zithe kumutaya mu mkodzo. Paracetamol wambiri amadutsa pachipatapo mwamtendere. Kachigawo kochepa kokha ndi kamene kamasanduka poizoni wotchedwa NAPQI, ndipo chiwindi chimasunga glutathione woti akazimitse msanga. Mlingo ukapyola, glutathione amatha, poizoni uja nkuyamba kudya chiwindi chenichenicho. Kwa munthu wosadya mokwanira kapena womwa mowa tsiku ndi tsiku, nkhokwe ya glutathione imakhala yopereweratu kale.

Kuipa kwake nkwakuti chiwindi si mtima woti ukavutika umagunda pachifuwa aliyense namva. Tsiku loyamba munthu amangomva mseru, nati ndi chimfine chomwecho, nawonjezera Grand-Pa wina. Chikasu cha m'maso chimadzaoneka patapita masiku awiri kapena atatu, zinthu zitaonongeka kale. Mankhwala ozimitsa poizoniyu alipo, acetylcysteine, ndipo kwa amene wamwa mlingo waukulu nthawi imodzi amagwira bwino akaperekedwa maola 8 asanathe. Wophunzira aloweze nambala imeneyi kuposa nambala ya foni ya chibwenzi.

Aspirin wa mu Grand-Pa uja nayenso ali ndi abale ake. Med-Lemon, amene anthu amamuyesa tiyi wa ndimu, ndi aspirin. Bufeni ndi indosidi, amene kwathu amagulitsidwa pa thebulo limodzi ndi machesi, ndi a fuko lomwelo. Onsewa amathetsa ululu potseka ma prostaglandin, koma ma prostaglandin omwewo ndiwo amateteza khungu la m'chifu ku asidi ndi kuthandiza kuti magazi aziyenda bwino m'impso. Impso zimasefa madzi pafupifupi malita 180 pa tsiku, nkubweza pafupifupi onse m'thupi, kutaya lita imodzi ndi theka yokha. Ntchito yotere siifuna kusokonezedwa ndi munthu amene wamwa abale atatu pamimba yopanda kanthu. Wodwala akakuuzani kuti chimbudzi chake chada bii, musathamangire kufunsa za ndiwo zimene anadya dzulo. Mwina ndi magazi a m'chifu.

Tibwerere pachipata paja, poti mpamene pali nthabwala zenizeni. Mankhwala ena akafika amachulukitsa antchito. Katswiri wa zimenezi ndi rifampicin wa TB, uja amafiiritsa mkodzo mpaka wodwala wosauzidwa kuyamba kulemba wilo. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chiwindi chimakhala chadzaza ma enzyme akhama, amene amalanda katundu aliyense wodutsa. Mapiritsi olera amathera pachipata. Impulanti ya pamkono imafooka. Mayi amene sanaphonyepo tsiku amapezeka ali ndi pakati, apongozi nkumati ndi chozizwitsa, bambo nkumawerengera miyezi pa zala, pomwe wochimwa ndi kam'bulu kofiira ka m'mawa uliwonse. Jakisoni wa Depo ndi lupu ndiwo amapirira. Nchifukwa chakenso womwa TLD, ma ARV amene South Africa ndi Malawi anayamba kupereka mu 2019, akagwidwa ndi TB amawonjezeredwa dolutegravir wina wa mamiligalamu 50, pamwamba pa wa mu TLD, patapita maola 12. Si kuti namwino wasokoneza mabotolo.

Ena amachita mosemphana, amagonetsa antchito. Izi zinadziwika mwangozi ku Canada mu 1989, pamene David Bailey ndi anzake ankafufuza ngati mowa umasokoneza felodipine, mankhwala a BP. Pofuna kubisa kakomedwe ka mowawo anausakaniza ndi madzi a manyumwa, ndipo mankhwala m'magazi a anthuwo anakwera modabwitsa. Mowa unali wosalakwa, mwina koyamba m'mbiri yake. Manyumwa amagonetsa enzyme ya CYP3A4 ya m'khoma la matumbo, ndiye katundu amangodutsa yense osatsitsidwa. Achemwali osamalira gogo wachizungu womwa simvastatin, amene amakonda nyumwa lake m'mawa, apa mwamva.

Pali phanga lina limene silioneka ngati phanga. M'misewu ya Hillbrow ndi Yeoville amagulitsa dothi m'timapepala ta pulasitiki, ndipo amayi oyembekezera amalikukuta monga amachitira kwathu ndi la pachulu. Mayi yemweyo, womwa TLD, kusikelo wapatsidwa mapiritsi a ayironi ndi calcium, ndipo pa chilungulira wagula mankhwala oyera a m'botolo. Ayironi, calcium, magnesium ndi aluminium zimagwira dolutegravir m'matumbo momwemo, nkutuluka naye ulendo wa kuchimbudzi asanaone nkomwe magazi. Yankho lake ndi la wotchi chabe: TLD amwedwe maola 2 mankhwala a chilungulirawo asanamwedwe, kapena maola 6 atamwedwa. Za dothi wodwala sanena yekha. Ndani angauze dokotala wa ku Charlotte Maxeke kuti amadya nthaka ya Gauteng?

Za misika ya zitsamba ya Faraday ndi Kwa Mai Mai ndilankhule mosamala, poti ophunzira ena akangovala koti yoyera amayamba kunyoza makungwa ngati sanakulire pa nimu. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona. LA wathu wa malungo muli artemether, mdzukulu wa chitsamba cha ku China chimene chinapezetsa Tu Youyou mphoto ya Nobel mu 2015. Zitsamba zimagwira ntchito, ndipo vuto lake ndi lomwelo: chogwira ntchito chimadzeranso pachiwindi. Botolo la malita awiri la madzi akuda lilibe pepala lonena zimene zili mkati, ndipo mlingo wake ndi "kapu imodzi", osanena ngati ndi kapu ya tiyi kapena ya thobwa. Muzu wa impila unaononga ziwindi za anthu ku KwaZulu-Natal, madokotala a kumeneko anazilemba kalekale. Ndipo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku misika ya zitsamba kokha. St John's wort amagulitsidwa m'mafamase owala a m'misika ikuluikulu, m'bokosi lokongola, koma pachipata amachita zomwe amachita rifampicin. Dziko lino linaonaponso nduna ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, ikutamanda adyo, mandimu ndi bitiruti, mpaka zinakaikidwa pa chionetsero cha South Africa ku msonkhano wa Edzi wa ku Toronto mu 2006. Pa nthawiyo nkuti kafukufuku ataonetsa kale kuti makapisozi a adyo amatsitsa saquinavir, ARV wa masiku amenewo, pafupifupi ndi theka. Phanga lachiwiri limenelo linakumbidwa ndi boma, ndipo ovumbwa anali ambiri.

Komabe mwambiwu suyenera kumezedwa wonse ngati kapisozi. Pa TB, phanga limodzi ndilo limavumbwitsa. Streptomycin atayesedwa yekha ku Britain m'ma 1940, odwala ankayamba kupeza bwino, kenaka tizilombo tinkazolowera mankhwalawo matenda nkubwerera. Lero wodwala amayamba ndi anayi pamodzi, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kwa miyezi iwiri, nkupitiriza ndi awiri kwa miyezi inayi. TLD ndi mankhwala atatu mu m'bulu umodzi. Kusiyana kwake nkwakuti amenewa anakumanitsidwa ndi anthu amene anayeza milingo yake, pamene a achimwene aja anakumana okha m'mimba usiku, popanda ankhoswe. Kwathu kabuku ka kuchipatala kaja, kothimbirira ndi utsi ndi mafuta a nsomba, kamayesetsa ntchito ya unkhoswe: dokotala wa ku Queens amaona zimene analemba wa ku Ndirande. Kuno munthu akhoza kukhala ndi fayilo ku Hillbrow, ina ku Helen Joseph, ndi mapiritsi a miyezi itatu amene abwera pa basi kuchokera ku Mzimba atakulungidwa mu chitenje pamodzi ndi ufa ndi usipa.

Ndiye unkhoswe watsalira inu, ndipo chida chake ndi funso. Koma funso loti "mukumwa mankhwala ena?" ndi lotaya nthawi, poti yankho lake ndi ayi nthawi zonse. Kwa wodwala, mankhwala ndi okhawo olembedwa ndi dokotala. Mukafunsa mokalipa, ayi wake amalimba kuposa. Namwino wodziwa ntchito amakhala pansi, nafunsa ngati akucheza pa maliro.

"Bambo, mutu ukavuta usiku kuntchito mumatani?"

"Aa, sisitala, timangopirira."

"Osagulako kanthu ku spaza?"

"Ka Grand-Pa basi. Koma amenewo si mankhwala, ndi ufa chabe."

"Kangati pa tsiku?"

"Zimatengera bwana."

"Nanga m'chikwamamo muli chiyani chikulira ngati maseche?"

Apa mpamene zimatuluka: Panado wa kukiliniki, Adco-Dol wa mnzawo, bakitirimu wa chaka chatha wotsala pa matenda a mlamu, makapisozi ofiira ndi achikasu opanda dzina, ndi botolo la Fanta lokhala ndi madzi amene Fanta sangawazindikire.

"Ili ndi la chiyani, bambo?"

"Lochapa magazi."

"Mwamwa liti?"

"Ayi, limenelo sindinayambe. Ndimadikira ndimve kaye ngati anuwa agwire."