Kwa mlenje wa ku Mchinji amene akufuna chipolopolo cha njovu

Achimwene, ndamva kuti mwatopa ndi kukumba mbewa, tsopano mukufuna nyama yoti ikagwa mudzi wonse umve. Mwaganiza bwino. Munthu amene wagulitsa mtedza ndi soya pa Kamwendo, ndalama n'kumamuyabwa m'thumba, asafe asanalozeko njati. Khalani pansi tikambe za zipolopolo.

Gogodera wa agogo anu muiwaleni. Mfuti ija amaithira onga, kutsendera misomali ndi tizidutswa ta chitsulo, n'kutseka ndi kasanza. Ubwino wake ndi woti imaopseza mbali zonse ziwiri, njati imene ili kutsogolo ndi mwini mfuti amene ali kumbuyo. Masiku ena imangoti khethe osalira, njati n'kumakuyang'anani.

Alenje a ndalama zawo amayambira pa .375 H&H Magnum, chipolopolo chimene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912. Kachitsulo kake kamalemera pafupifupi magalamu 19, ndipo maiko angapo a muno mu Africa salola kuti mulondole nyama yoopsa ndi chochepera pamenepa. Ngati phewa lanu linakhwima ndi matumba a fetereza, kwerani pa .416 Rigby ya mu 1911, ya magalamu 26, kapena .458 Winchester Magnum ya mu 1956, ya magalamu 32. Mfuti zimenezi zikamalira zimabweza kumbuyo mwaukali, choncho musaombere mutatsamira mtengo, ndiponso apongozi asaime kumbuyo kwanu, pokhapokha ngati pali nkhani ina.

Apa ndiye tcherani khutu. Zipolopolo zilipo za mitundu iwiri. China n'chofewa kunsonga: chikalowa m'thupi, mtovu wake umaphwanyika n'kutambalala, bala n'kukula. Chimenechi n'cha mkango ndi kambuku, nyama za khungu lopyapyala. China n'cholimba chonse, alenje amati solid, sichipindika, chimangoboola molunjika. Njovu imafuna chimenechi, chifukwa ubongo wake unabisala mkati mwenimweni, pakati pa makutu, kuseri kwa fupa lochindikala lokhala ndi timphako ngati zisa za njuchi. Mukaiombera ndi chofewa, chimathera m'fupamo, ndipo njovu imadziwa bwino amene wachititsa mutu wake kuwawa. Njati ndiye imasokoneza. Ambiri amayamba ndi chofewa, zotsatira n'kukhala zolimba, poti chachiwiri mumaombera nyama ikuthawira m'tchire kapena ikubwera kudzakupatsani moni. Mukasokoneza ndondomekoyi polonga mfuti, achibale adzakonza pamaliro.

Wina pa bawo akuuzani za W.D.M. Bell, mzungu wa ku Scotland amene anapha njovu zoposa 1,000, zambiri ndi kamfuti kakang'ono ka 7x57. N'zoona. Koma mkuluyo ankang'amba zigaza za njovu kuti aone pamene pali ubongo. Inu chigaza chimene munang'ambapo ndi cha mbuzi ya pa chinkhoswe.

Chipolopolo mwasankha. Nanga nyama ili kuti? Kwerani kabaza kuchokera pa Boma mpaka Kapiri, mudzaona fodya, chimanga, zigafa ndi matumba a makala. M'nkhalango ya Mchinji mwina mukumana ndi anyani ndi gwape, ndipo gwape mukamuombera ndi .458 ndiwo zake mukazitola ndi supuni. Njovu zili kumpoto, ku Kasungu National Park, kumene mu 2022 anasamutsirako 263 kuchokera ku Liwonde. Zimenezo zili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi makhoti. Chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, munthu wopha njovu kapena wopezeka ndi minyanga akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30. Apa zipolopolo zonse n'zofanana: chofewa ndi cholimba, cha ku London ndi cha gogodera, zonse zimakafikitsa kundende ya Maula. Mfuti yopanda chiphaso cha apolisi ndi mlandu winanso pawokha, mbasela.

Njira yovomerezeka ilipo, musataye mtima. Dutsani pa chipata cha Mwami, mupitirire Chipata mpaka kuchigwa cha Luangwa, kumene madera ngati Lupande amalola alendo kusaka ndi chilolezo, mlenje wa ukatswiri ali pambali. Malipiro ake ndi madola, ndipo mtedza wanu wa chaka chino ungakwane kugulira chipewa chokha. Chipewacho gulani ndithu, chimakhala bwino pa chithunzi.

Pakadali pano anthu amene amaonadi njovu pafupi, alimi a m'mphepete mwa paki ya Kasungu, mbali ya kuno ndi ya ku Zambia, sasankha pakati pa .375 ndi .416. Zida zawo ndi chitini chomenya ndi mtengo, tochi, moto ndi utsi wa tsabola. Amagona m'munda kulondera chimanga, ena anafa kumene chisamutsireni njovu zija. Iwowa amauzidwa kuti akaona njovu aimbire foni alonda a nyama, kenako adikire. Njovu nayo imadikira nawo limodzi, ikudya.

Ndiye achimwene, langizo langa ndi ili: tengani khasu, machesi ndi kachitini, mubwerere kumene munazolowera. Kapuku safuna chiphaso, sathamangitsa munthu, ndipo pa msewu wa ku Lilongwe ogula amaimitsa okha galimoto. Kungoti polowetsa dzanja kuuna muzisamala, nthawi zina mumakhala njoka. Moto wanuwonso muzizimitsa mukamachoka, tchire latha kale.