Ulemu kwa a Chuku, eni mapaipi

Anthu amakunyozani, a Chuku. Amati ndinu uve, mumanunkha ngati bulangete lonyowa, mumatsokomoletsa ana. Ine amene ndakhala ndikukugwadirani mwezi ndi mwezi, kansanza kali m'manja, ndikuti ayambe amva kaye mbali yanu.

Tinadziwana kalekale kumudzi. Munkalowa m'nkhokwe chimanga chikalongedwa chisanaumitsitse, ndipo mtedza mukaugwira unkawawa mpaka kulavula. Tsiku limene ndinakwera basi ya ku Joni ndinkati ndakusiyani kumbuyo pamodzi ndi anankafumbwe. Ayi ndithu. Sabata yoyamba pantchito, m'nyumba ya mpanda wamagetsi chakufupi ndi Sandton, madamu anandilowetsa kubafa kuti andionetse chuma chawo: bafa loyera mbee, lokhala ndi timabowo m'mbali topopera madzi osisita msana. Anadzaza madzi, anadina batani, pampu inayamba kulira. Posakhalitsa tizidutswa takuda tinayamba kutuluka m'timabowo muja n'kumayandama ngati masamba a tiyi. Madamu anakuwa. Ine chamumtima ndinangoti, akwathu, malire onse aja mwadutsa bwanji opanda pasipoti?

Nzeru zanu posankha malo n'zosowa. Bafa lotere likakhuthulidwa madzi satha onse, ena amatsalira m'mapaipi obisika kunsi ndi mu pampu momwe. M'menemo muli mdima, muli chinyezi, mukufunda bwino. Chakudya chimakupezani muli khale: thovu la sopo, mafuta onunkhira amene madamu amathira m'madzi, ndi litsiro la pathupi pa abwana. Inde, nawonso ali nalo, ngakhale m'nyumba muja silitchulidwa. Ndi mfumu iti imene anthu olemera amaiperekera mtulo ali maliseche?

Ngakhale amene anakumangirani nyumbayi sanadziwe kuti akumangira ndani. Candido Jacuzzi, wa m'banja lochokera ku Italy lomwe linakhazikika ku California, anapanga kapampu koviika m'bafa pofuna kuthandiza mwana wake wodwala nyamakazi, ndipo mu 1956 kanayamba kugulitsidwa. Mu 1968 Roy Jacuzzi anatulutsa bafa lokhala ndi timabowo take kale. Iwo ankaganizira odwala ndi otopa. Inu munangolowa, lendi osalipira.

Ndipo si inu anthu wamba. Buku la Levitiko, mutu 14, linakupatsani ndime zambirimbiri: mukaoneka pakhoma ankaitana wansembe, nyumba n'kutsekedwa masiku 7, mukakanirira ankagumula miyala, mwinanso nyumba yonse. Mbale wanu wina anagwera m'kambale ka Alexander Fleming ku London mu 1928, n'kutipatsa penisilini. Amene akukukalipani lero, mwina agogo ake anapulumuka chibayo chifukwa cha fuko lanu.

Mwambo wokuchingamirani ndimaudziwa pamtima. Ndimathira madzi otentha mpaka apitirire timabowo ndi zala zitatu, kenako makapu awiri a viniga, n'kuyatsa pampu mphindi 15. Apa mumatuluka ndi mtundu wanu wonse, akuda, otuwa, ndi ena oterera ngati therere. Ndimakhuthula, kudzazanso madzi ozizira, kuyatsanso mphindi 10. Chotsala ndi mswachi wakale wa abwana, umene ndimakumba nawo kuzungulira kabowo kalikonse, chagada, khosi litapindika. Mukauma mutu ndimabwera ndi theka la kapu ya Jik, koma tsiku lina, payekha, windo lili pululu. Jik ndi viniga sakumana m'bafa limodzi: mpweya wake wa klorini umawotcha maso ndi mapapo, ndipo amene angagone pansi ndi wantchito, inu muli phee m'paipi.

Munandiphunzitsanso kudzichepetsa. Tsiku lina ndinati ndikukhaulitseni ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, ndinafinya botolo mosaumira. Pampu itangolira thovu linakwera ngati mkaka pamoto, linasefukira pansi, linatuluka pakhomo, linakafika pakapeti ya kuchipinda. Galu wa madamu anatulukamo ali woyera ngati nkhosa. Ndinakolopa mpaka dzuwa kupendeka. Mawa lake nditasuzumira m'kabowo ka kumutu, munali momwemo, osasuntha.

Kukhulupirika kotereku ndikupeza kuti? Wantchito wa m'munda anachoka, madamu asintha magalimoto kawiri, ana akula apita ku yunivesite. Inu simunajombepo. Madamu akayamba kunena zoti zinthu zakwera mtengo, mwina ndizibwera masiku awiri okha pasabata, inu mumatulukira Lamlungu madzulo iwo ali m'madzi, kandulo ili pambali, ndipo Lolemba m'mawa nkhani ija yaiwalika. Malata amene ali padenga la amayi anga kumudzi, ena mwa iwo munakhoma ndinu.

Dzulo ndikupukuta ndaona kadontho kakuda kunsi kwa mkombero wa kabowo kachitatu, kakang'ono ngati njere ya mpiru. Ndakapatsa moni, ndafunsa za kunyumba, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Mwezi ukadali ndi masiku 9.