Masomphenya tawaona, nanga nkhuku ndi zingati?

Ndivomere poyera kuti pa za makompyuta ndine mbuli yotheratu. Luso langa ndi limodzi: kutsegula masamba a pa intaneti ndi bandulo yotsala madontho, pa Itel ya galasi long'aluka, ndi chala chonga chinangwa. Koma poti anthu a mtundu wangawu ndife timagula nkhuku, simenti ndi makeke a ukwati, opanga mawebusaiti a mabizinesi ang'onoang'ono atimvereko. Tsamba labwino ndi lomwe limandiuza chimene mukugulitsa, mtengo wake, komwe muli ndi nambala yoimbira bandulo yanga isanatsikire kulichete.

Koma taonani zomwe amatikonzera. Tsamba la telala wa ku Ndirande likutilandira ndi azungu a masuti akugwirana chanza, kenako masomphenya a kampani, kenako kanyimbo koyamba kokha uli pakati pa anthu m'minibasi. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni, chikaikidwa osachichepetsa, chimadya ma MB angapo, pomwe mawu a tsamba lonse safika ngakhale theka la MB imodzi. Wopangayo saona vuto, iye amayesera pa kompyuta ya sikirini ngati chitseko. Chonsecho Google idayamba kale mu 2015 kukondera masamba owerengeka bwino pafoni. Webusaiti yoyamba padziko, ya Tim Berners-Lee ku CERN mu 1991, inali mawu okhaokha, ndipo mpaka lero imatseguka msanga kuposa ya telala wathuyu.

Ena ati maso ndiwo amagula, chinthu chosakongola sichikopa munthu. Sindikana, inenso ndimakopeka msanga, umboni wake ndi nsapato za pa kaunjika zomwe zimandiluma. Koma funsani mayi wa tomato mumsika wa Limbe. Amapukuta tomato wake, kumuunjika milu, wofiira pamwamba, mulu uliwonse ndi mtengo wake. Kukongoletsa n'kumeneko: diso lifike pa katundu mosavutika. Tsamba la maluwa ovina lobisa nambala ya foni pansi penipeni ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zimadya bandulo ya ine ndemwe.

Nkhani yovuta ndi ya mtengo. Eni mabizinesi amati sangaulembe poti umasintha, ndipo amene adaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sangawatsutse mwachisawawa. N'chifukwa chake ponseponse timangouzidwa kuti mtengo tikaumvere ku inbox, ngati ndi nkhani ya kuchinamwali. Komatu ife a m'thumba mopepuka tili ndi manyazi athu. Tikaona mtengo wabisidwa timangodziweruza tokha kuti si za saizi yathu, n'kuchoka mwaulemu osafunsa. Mankhwala ake ndi tsamba lomwe mwini wake angathe kusintha mtengo yekha pafoni, osadikira mphwake amene adalipanga, yemwe pano ali ku Joni ndi pasiwedi yomwe.

Otsutsa omaliza ati bwanji osangokhala pa Facebook ndi WhatsApp, zaulerezi? Kwa wogulitsa mandasi ndikugwirizana nawo, asataye ndalama, makamaka poti malo osungira webusaiti nthawi zambiri amalipiridwa m'madola. Koma wa loji kapena wa hadiweya akumbukire kuti Facebook ndi nyumba ya lendi. Pa 4 Okutobala 2021 idazima pamodzi ndi WhatsApp ndi Instagram kwa maola pafupifupi 6, landilodi osagogoda n'komwe. Tsamba lanu likhalepo, lopepuka, lonena ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba, lolongosola njira m'chinenero chathu, kuti mukadutsa chigayo mukhotere kumanzere. Batani lopita ku WhatsApp likhale lalikulu ndithu, poti chala cha chinangwachi chikalinga pa "Imbani" chimakagwera pa "Mbiri Yathu".