Mlendo Wadza ndi Kalumo, Nsidze Zili pa Ngozi

Makolo adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nyengo ino yolemba kafukufuku wotsirizira maphunziro m'mayunivesite, mwambiwu wapherezera. Mlendo wake safuna mphasa kapena madzi osamba. Amangofuna bandulo.

Mapulogalamu okonza Chingerezi monga Grammarly, yomwe anthu atatu a ku Ukraine adayambitsa mu 2009, ndi Write & Improve ya ku Cambridge, amameta zolemba za wophunzira nthawi yomweyo. Tsitsi lometa lilipodi. Chichewa chilibe timawu ta "a" ndi "the", ndipo "iye" amakwanira abambo ndi amayi omwe, motero mwana wa ku Dedza akamalemba Chingerezi, agogo aakazi amasanduka "he" ndime isanathe. Apa kalumo kamagwira ntchito ngakhale pakati pa usiku, kosakalipa, kosanena kuti "mubwere mawa, ndili ku msonkhano".

Vuto n'lakuti mlendoyu sadziwa mutu umene akumeta.

Wophunzira wina wa chaka chachinayi, polemba za ulimi wa chimanga, adapeza pulogalamu ina itadula mzere pansi pa "nsima", "ganyu" ndi dzina lake lomwe. Chiganizo chofotokoza kuti feteleza amafika chimanga chitamasula kale idati chatalika. Mtsikanayo adamvera. Idameta m'mbali, adavomera. Idakwera pa liwombo, adangoti zikomo. Pofika m'mawa nkhani yonse inali see ngati mpala, yonyezimira, koma mfundo ya feteleza ija itapita limodzi ndi nsidze.

Les Perelman wa ku yunivesite ya MIT adaulula khalidweli mu 2012. Adaonetsa kuti e-rater, makina ochonga a bungwe la ETS, amakonda nkhani zitalizitali ndi mawu akuluakulu, ndipo sadandaula wina akalemba kuti Nkhondo ya 1812 idayamba mu 1945. Mu 2014 iye ndi ophunzira ena adapanga BABEL Generator, yomwe imalavula zamkutu m'Chingerezi chapamwamba, makina ochonga n'kumazipatsa malikisi okwera.

Wometa wa pansi pa mtengo wa mango amayamba wafunsa kuti, "Timete bwanji, achimwene?" Mphunzitsi wabwino amafunsanso kuti, "Ukufuna kunena chiyani apa?" Limeneli ndi funso lomwe mwana wolemba m'chiyankhulo cha eni amalisowa koposa.

Mtsikana uja adabwezera chiganizo chake chachitali. Mzere udabwereranso pansi pake, koma pa tsamba lonselo aphunzitsi ake adachonga pomwepo pokha.