Thumba la kachewere lomwe ndinawononga ku Chiuta

Ndine mkamwini m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ku Machinga, ndipo mu 2022 ndinagwetsa mpamba wa mayi a kunyumba pofuna kutchaja mafoni ndi mbatata ya kachewere. Kudoko nkhaniyi aliyense amaidziwa. Ndaganiza zoifotokoza ndekha, kuti wina wa mtima wofulumira ngati wanga asadzagwere m'mbuna yomweyo.

Chakacho magetsi anavuta dziko lonse. Mu Januwale namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo EGENCO inataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130. Kwathu mawaya a ESCOM sanafike, komabe vutoli linatipeza. Munthu ankapalasa njinga mpaka ku Ntaja kapena ku Nsanama kukatchajitsa foni, n'kukapeza kwathima. Amene anali ndi sola ankadzaza msanga. Pamene kwa msodzi foni ndi imene imamuuza mtengo wa matemba ndi mlamba ku Liwonde, ndipo ndalama za nsomba zimafikira momwemo.

Tsiku lina mphwanga, yemwe anali Fomu 3, anabwera ndi kababu kofiira kochokera mu wailesi yakufa. "Malume, taonani izi," anatero. Anatenga mbatata zitatu, iliyonse n'kuibaya msomali wa malata mbali imodzi ndi kawaya ka kopa mbali inayo. Analumikiza kopa wa mbatata yoyamba ku msomali wa yachiwiri, wa yachiwiri ku msomali wa yachitatu, nsonga ziwiri zotsalazo n'kugunditsa kumiyendo ya kababu. Tinatseka chitseko. Kababu kaja kanayaka, kofiira ngati khala lotsala m'phulusa. Ndinagwira pakamwa.

Mwanayo anandiuzanso zomwe anamva kusukulu. Mu 2010 akatswiri a ku Hebrew University ku Jerusalem, mmodzi mwa iwo Haim Rabinowitch, anapeza kuti mbatata yowiritsa kwa mphindi 8 imatulutsa mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi kuposa yaiwisi, chifukwa kuwira kumafewetsa m'kati mwake ndipo magetsi amadutsa mosavuta. Ankaganizira anthu ngati ife, okhala kutali ndi mawaya, kuti tiziunikira m'nyumba ndi timababu ta LED. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yemwe anapanga makina a mphepo ndi zitsulo zotola kudzala, ndipo ndinadziuza kuti Chiuta nayo yapeza wake. Ngati mbatata zitatu zayatsa babu, thumba lathunthu lingalephere bwanji foni?

Thumbalo linalipo. Mayi a kunyumba amakazinga tchipisi pachiwaya kudoko, ndipo kachewere kuno sabereka, amachokera kumapiri a Ntcheu ndi Dedza. Akamafika ku Chiuta amakhala atakwera galimoto ndi njinga, mtengo wake utakweranso. Sabata imeneyo iwo anali kumaliro kutsidya, ku Mozambique, thumba la kachewere latsopano lili pakona. Misomali ya malata ndinalibe, choncho ndinakwera padenga la kanyumba kamene apongozi amasungiramo mpunga, n'kuzula misomali modumphadumpha. Mumtima ndinkati ndidzakhomera ina mvula isanayambe. Waya wa kopa ndinamasula mu dainamo yakale ya njinga.

Cholakwa chachikulu ndinachichita ndi pakamwa. Ndisanayese n'komwe, ndinalengeza kudoko kuti mawa aliyense abweretse foni, ndimutchajira pa theka la mtengo. Ena analipiriratu. Ndinawiritsa mbatata mum'phika waukulu, n'kuzindandalika pamphasa mizeremizere, mawaya ali pikitipikiti. Ndinadula chingwe cha tchaja n'kulumikiza. M'mawa anthu anadzaza pakhonde. Foni yoyamba inali ya mwini bwato wina, munthu wamkulu. Tinailumikiza, koma chizindikiro chotchaja sichinaoneke. Ndinasinthanitsa mawaya, kuwonjezera mzere wina, kupukuta misomali, koma zii. Mwiniwake ankangoyatsayatsa foniyo kuti aone ngati yayamba kulowa, mpaka kamoto komwe kanatsalamo kanatheratu.

"Achimwene," anatero modekha, "bwezani ndalama za anthu dzuwa lisanalowe."

Ndinabweza zomwe ndinali nazo, zotsalazo n'kukongola. Kutentha kwa Okutobala sikunachedwe kugwira ntchito yake. Mbatata zowiritsa zija zinayamba kuchucha ndi kununkha, pozungulira msomali uliwonse pali bii, ntchentche zili ng'waa. Mayi a kunyumba atafika anaima pakhomo osalankhula kwa nthawi yaitali. Kenako anafunsa funso limodzi: "Bambo a ana, mawa ndikazinga chiyani?" Yankho ndinalibe. Chiwaya chinakhala chozizira mwezi wonse, ndipo ndalama ya mayeso a mwana wathu wamkulu tinachita kukapempha kwa alamu anga.

Mvula ya chizimalupsa inabwera usiku ndi mphepo, misomali ija ndisanabwezere. Lata limodzi linakanganuka, madzi n'kulowa pa matumba a mpunga wa apongozi. Mkamwini sayankhulana ndi apongozi ake maso ndi maso pa nkhani ngati imeneyi, choncho anaitanitsa ankhoswe. Ndinakhala pansi mutu uli zyoli pamene ankawerenga zomwe ndawononga. Chigamulo chinali choti ndikhome denga, ndibweze mpunga pokolola, ndi kupezera mkazi wanga mpamba wina. Ndinagulitsa njinga.

Patapita nthawi ndinalimba mtima kukafunsa aphunzitsi a sayansi a mphwanga uja, zomwe ndikanachita pachiyambi. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti mumbatata mulibe magetsi. Mphamvu imachokera ku zinki amene anakutira msomali wa malata. Madzi a asidi a mumbatata amadya zinkiyo pang'onopang'ono, ndipo akamadyeka amatulutsa magetsi omwe amayenda pawaya kupita ku kopa. Mbatata ndi njira chabe. N'chifukwa chake ndimu, chinangwa ngakhale madzi a mchere zimachitanso zomwezo. Anati batire loyamba lenileni, la Alessandro Volta wa ku Italy mu 1800, linali zidutswa za zinki ndi kopa zosanjikizana, pakati pake pali nsalu yonyowetsedwa m'madzi a mchere.

Kenako anandilembera manambala papepala. Mbatata imodzi sifika volti imodzi, pamene foni imafuna mavolti 5. Zimenezo n'zotheka pondandalika zisanu ndi ziwiri mumzere umodzi. Vuto lili pa kuchuluka kwa magetsi oyenda pawayapo. Kuti foni itchajike bwino imafuna mamiliampeya 500 kapena kuposa, pamene mzere wa mbatata zobaya misomali umapereka ochepa kwambiri, okwanira kababu kamodzi kapena wotchi ya manambala. Ndikanafunika mizere mazanamazana. Anandichenjezanso kuti mbatata yomwe yakhala ndi zinki ndi kopa m'kati siyenera kudyedwa, ngakhale kupatsa mbuzi. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti thumba lija linatayika pomwe ndinabaya msomali woyamba.

Mphwanga sindimuimba mlandu, ndipo akatswiri aja sananame. Kababu kanayakadi, ndinakaona ndi maso anga. Chimene chinandigwetsa n'chakuti ndinamva theka la nkhani n'kuthamanga nalo, ndipo amene analipira ndi mayi wokazinga tchipisi ndi nkhalamba yolima mpunga. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Panopa tinasonkherana ndi anzanga a kudoko n'kugula sola yaing'ono, ndipo mafoni athu amatchajika pamenepo.

Makolo anzanga, mwana akabwera ndi mbatata ziwiri ndi msomali, musamukalipire. Mupatseni, akhale pansi ayese, chifukwa nzeru zimayambira pamenepo. Koma inu amene mukufuna kuikapo chakudya cha banja kapena ndalama za anthu, yambani mwapita kwa wodziwa, akulembereni manambala ake, ndipo muyese pang'ono musanalonjeze aliyense.