MBA ya pa katapila

Kuntchito kwathu kunagwa mliri wa zilembo zitatu. Unayamba ndi mnyamata wina amene ndinamulandira ndekha tsiku lomwe ankayamba ntchito, n'kumuonetsa pomwe timapachika makiyi a ku sitolo. Patapita zaka zochepa, kumapeto kwa dzina lake pa imelo kunamera zilembo zoti MBA, ndipo sipanatenge nthawi anamupatsa ofesi yakeyake, ya fani ndi mpando wozungulira. Ine amene ndinamuphunzitsa kulemba invoisi ndinayamba kugogoda ndisanalowe. Madzulo ena ndinauza mayi a kunyumba kuti nanenso ndikubwerera kusukulu. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga ndalama yake ichokera kuti, abambo?" Ndinawayankha kuti anthu a bizinesi sayambira pa funso limenelo, amayambira pa masomphenya. Pano ndikudziwa kuti funso lawolo ndiye mutu woyamba wa phunziro lomwe ndinadzalephera.

Kafukufuku wanga ndinachitira pa intaneti, ndipo intaneti inandikokera ku America. Ndinawerenga kuti digiri imeneyi inayambira ku Harvard mu 1908, komanso kuti masukulu ambiri a kumeneko amafuna munthu alembe kaye mayeso otchedwa GMAT, omwe analipo kuyambira 1954. Nthawi imeneyo malikisi ake ankayambira pa 200 kulekezera pa 800. Ndinasindikiza buku lonse lokonzekera mayesowo, lolemera moti chikwama chinaduka lamba. Dzinja lonse ndinkadzuka tambala woyamba kulimbana ndi masamu omwe ndinasiyana nawo ndili Fomu 4. Pa mayeso oyeserera ndinapeza 310, ndipo ndinanyadira ndithu, mpaka nditakumbukira kuti 200 ankapatsa ngakhale munthu amene walakwa funso lililonse.

Nditapita kusukulu yomwe ndinkaifunayo, mu Lilongwe momwe muno, kukafunsa tsiku la mayeso, mayi a pa desiki anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo, kuno GMAT sitifuna. Fomu mwawerenga?" Fomuyo inali ya tsamba limodzi. Inkafuna digiri yoyamba yochokera kusukulu yovomerezeka ndi bungwe la NCHE, chikalata cha malikisi a digiriyo, zaka zingapo za ntchito, CV, makalata awiri a umboni, ndi kalata yanga yofotokoza chomwe ndikufunira maphunzirowa. Safunsa anadya phula.

Kalata yofotokozayo ndinailemba ndi mtima wonse. Ndinanena kuti pakutha zaka zitatu ndidzakhala mkulu wa dipatimenti yathu, chifukwa utsogoleri womwe ulipo ndi wachikale ndipo umaopa kompyuta. Anzanga ataweruka, ndinaitumiza ku pirinta ya ku ofesi. Nthawi yomweyo magetsi anathima, ine n'kunyamuka ulendo wa kunyumba. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti pirinta siiwala. M'mawa magetsi atayaka inalavula kalata ija, ndipo pirintayo imakhala pakhomo pa ofesi ya bwana, bwana yemweyo amene ndinali nditawapempha kalata ya umboni.

"Khalani pansi, achimwene," anatero bwana mwaulemu woopsa. "Ndaona kuti mpando wangawu mwaupatsa zaka zitatu. Mwachita bwino kundichenjeza, ndiyambe kulongedza." Kalata ya umboni anandilembera ndithu, ya mizere itatu, yonena kuti kuntchito sindichedwa ndipo pirinta ndimaidziwa kugwiritsa ntchito kwake.

Chodabwitsa n'chakuti ananditenga. Kalata yondilandira ndinaijambula n'kuiika pa WhatsApp ndisanaiwerenge mpaka pansi. Pansipo ndi pomwe panali chiganizo chonena kuti fizi ndi ya madola, yolipira m'makwacha potengera mtengo wa dola wa tsiku lolipiralo. Pa gawo loyamba ndinaperewera K500,000, ndipo tsiku lotsekera linali pafupi. Kubanki ankafuna mapepala ambiri, choncho mnzanga anandilozera bambo wina wa katapila amene ofesi yake ndi mpando wakutsogolo wa galimoto yake. Iyeyo sanafune CV kapena makalata a umboni. Anangoti chiwongoladzanja ndi 30 pa 100 iliyonse pamwezi, ndipo chikole ndi khadi langa la ATM pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Ndinamugwira chanza ndi manja awiri. Umo ndi momwe ndinalowera m'kalasi ya akatswiri a zachuma, khadi langa likugona m'thumba la mwini wina.

Maphunziro anali a Loweruka ndi Lamlungu. M'kalasi munali mamanijala a mabanki, ogwira ntchito m'mabungwe, akuluakulu a m'boma, ngakhale abusa. Phunziro loyamba kundigwetsa ulesi linali la akaunti. Aphunzitsi anatiuza za Luca Pacioli, katswiri wa masamu wa ku Italy amene mu 1494 anasindikiza ku Venice buku lofotokoza kalembedwe koti ndalama iliyonse imalembedwa kawiri, debit kumanzere, credit kumanja, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kufanana. Zanga zinkakana kufanana. Usiku wina, nditatopa kusaka komwe kwabisala K73,000 pa ntchito yomwe anatipatsa, ndinawonjezera mzere wina pansi n'kulemba kuti "zina ndi zina". Mbali ziwiri zija zinagwirizana nthawi yomweyo. Pepala litabwerera, aphunzitsi anali atazunguliza mzerewo ndi cholembera chofiira n'kulemba kuti, "Zina ziti? Mzere umenewu ndi womwe umadzaza ndende ya Maula."

Phunziro lomwe ndinalikonda linali la njira zopambanira pamsika, chifukwa linali la mawu okhaokha. Tinaphunzira mphamvu zisanu zomwe Michael Porter anazifotokoza mu 1979: opikisana nawe omwe alipo kale, atsopano omwe angalowe, katundu wina wolowa m'malo mwa wako, mphamvu za okugulitsa, ndi mphamvu za okugula. Ndinafika nazo kunyumba zili zotentha. Mayi amagulitsa zitenje mumsika, ndiye ndinawakhazika pansi n'kuwajambulira mabokosi asanu papepala, kuwachenjeza za chiopsezo cha amalonda atsopano. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mukunena mayi aja ayala benchi pafupi ndi langa? Ndinawaona kale. Makasitomala anga ndinayamba kuwasokera m'mphepete mwaulere." Anatenga pepala lija n'kukoleza nalo mbaula.

Tsoka lenileni linabwera ndi phunziro la kasamalidwe ka chuma. Loweruka lina m'mawa aphunzitsi anatifotokozera kuti kwacha yomwe uli nayo lero ndi yoposa kwacha yomwe udzalandire mawa, chifukwa ya leroyo ungathe kuigwiritsa ntchito n'kubala ina. Mawu amenewa anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinaona kuti chinsinsi chonse cha bizinesi ndachigwira, moti masana sindinabwererenso m'kalasi, ndinapita kukaonera mpira ku bwalo la Bingu. Masana amenewo ndi pomwe anzanga anaphunzira mbali yachiwiri ya nkhaniyo: kuti phindu lililonse limayenda ndi chiopsezo chake, komanso kuti munthu amene amalandira makwacha koma ali ndi ngongole ya madola sayenera kugona tulo.

Kumayambiriro kwa Okutobala 2023 ndinatenga ngongole ku SACCO ya kuntchito, K1,180,000, yokwanira ndendende madola 1,000 a gawo lachiwiri la fizi. Tsiku lotsekera linali kumapeto kwa Novembala. Munthu wamba akanangopita kukalipira, kapena akanayamba wawombola khadi lake kwa bambo a katapila. Koma ine sindinalinso munthu wamba. Ndinawerengera kuti nkhuku za nyama zimakula pa masabata asanu ndi limodzi, kotero ndalamayo ikhoza kupita kukhola, kubala, n'kubwerera fizi isanafunike. Ndinatsegula Excel, ndipo Excel inavomereza zonse. Anapiye 250, chakudya, utuchi, makala owothetsa, phindu lake lonenepa pansi. Mzere wa nkhuku zakufa munalibe. Mzere wa katemera unalipo, koma ndinaufufuta, chifukwa sabata yomweyo tinali titaphunzira zochepetsa ndalama zotuluka.

"Abambo, kutentha kuno ndi nyengo ya chitopa," anatero mayi ataona anapiye akutsitsidwa pa kabaza. Ndinawauza kuti zimenezo ndi nkhani za nkhuku za lokolo.

Kumayambiriro kwa Novembala, Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Dola yomwe inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Ndinamva pa wailesi ndili m'khola, chidebe cha madzi chili m'manja. Madola 1,000 aja tsopano anali K1,700,000, kutanthauza kuti fizi yakwera ndi K520,000 usiku umodzi popanda sukulu kusintha nambala ngakhale imodzi. Chakudya cha nkhuku nacho chinakwera mtengo, pomwe nkhukuzo zinali zitafika msinkhu wodya mosaleka. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndingokweza mtengo wogulitsira. Patangopita masiku ochepa, nkhuku zinayamba kuwodzera masana, kutsegula m'mimba zobiriwira, ndi kupotokola makosi. Chitopa sichifunsa ngati mwini khola ali pa sukulu yanji. Zomwe zinapulumuka zinali zowerengeka pa zala, ndipo ana mpaka lero amaitchula nyengo imeneyo ngati nyengo yomwe tinkadya bwino.

Loweruka lotsatira aphunzitsi anafika pa mutu wa mtengo wa ngongole, n'kupempha chitsanzo chenicheni. Mwina ndinkafuna chitonthozo, chifukwa ndinakweza dzanja n'kunena za mnzanga wina amene anakongola K500,000 pa 30 pa 100 pamwezi. Aphunzitsi anatembenukira ku bolodi mosangalala. Anaonetsa kuti mnzangayo akamalipira chiwongoladzanja chokha, ndi K150,000 mwezi uliwonse, K1,800,000 pachaka, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe n'komwe. Kenako anati tiyerekeze kuti mnzangayo wasiya kulipira, chiwongoladzanja chikuunjikana pa chinzake. Anachulukitsa 1.3 kakhumi ndi kawiri, n'kupeza 23.3. "Pakutha chaka," anatero, "mnzanuyo adzakhala ndi ngongole yoposa K11 miliyoni. Ndalamayo anagulira chiyani?" Ndinayankha motsitsa kuti anagulira maphunziro. "Maphunziro anji?" M'kalasi munali zii, mpaka mayi wina wa kubanki, amene ankakhala kumbuyo kwanga, anati, "Aphunzitsi, musawafunse zambiri. Mnzawoyo wavala shati yofanana ndi yawo."

Kuseka kusanathe, pawindo panaonekera nkhope yomwe ndinkaidziwa. A SACCO amadula ngongole yawo pa malipiro ndalama isanafike ku akaunti, choncho mwezi umenewo bambo a katapila atapita ndi khadi langa pa ATM anapeza zosakwanira. Anafunsira njira mpaka kusukulu. Anadikira mwaulemu pakhonde mpaka nthawi ya tiyi, n'kundipatsa moni pamaso pa kalasi yonse kuti, "Bwana MBA, ndabwera kudzaona momwe ndalama yanga ikuphunzirira."

Mayeso a phunziro limenelo ndinapeza 44. Okhoza amayambira pa 50. Nambala yomwe inagwetsa kwacha ndi yomwe inandigwetsanso ine.

Ondiwombola anali amayi a banki m'khonde ya kwathu, kudzera mwa mayi a kunyumba, chifukwa ine pandekha sakanandikongoza ngakhale ya mchere. Anandiitanitsa pa msonkhano wawo, ndinakhala pa mkeka pakati pawo, ndipo mlembi wawo anandiwerengetsa mokweza ndalama yomwe ikutengedwa, chiwongoladzanja chake, ndi tsiku lobweza. Ndinasuzumira m'kope lake. Linali ndi mbali ziwiri, zolowa ndi zotuluka, ndipo zinkafanana mpaka kwacha yomaliza popanda mzere wa zina ndi zina. Khadi langa linachoka kwa bambo a katapila n'kupita m'kachikwama ka mayi, komwe lili mpaka lero. Kusukulu ndinapempha kuima kaye teremu imodzi, ndipo fomu yopempha tchuthi chokalembanso mayeso anandisainira ndi mnyamata yemwe uja wa mpando wozungulira. Anandibwereka ngakhale manotsi ake, ndipo ndinaona kuti iye ankakhala m'kalasi mpaka madzulo.

MBA ilibe mlandu. Zonse zomwe zinandigwera zinali m'mabuku omwe ndinalipira ndalama zambiri kuti ndiwerenge, kungoti ine ndinkathamanga kukayesa tsamba loyamba ndisanatsegule lachiwiri. Inu amene mukulingalira zoyamba maphunziro amenewa, werengani fomu ndi kalata yokulandirani mpaka pansi. Funsani ngati sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo zili zovomerezeka ndi NCHE, funsani ngati fizi ndi ya makwacha kapena ya madola, ndipo ikakhala ya madola lipirani tsiku lomwe ndalama yafika m'manja. Ndalama ya fizi isadzere kwa a katapila, ndipo isadzere kukhola.