Ndevu zachoka, nkhondo yatsala

Amuna a dziko lino tili ndi chikhulupiriro chimodzi chimene sitinachiphunzire kutchalitchi kapena kumzikiti: mankhwala osawawa sachiza. N'chifukwa chake jekeseni timaipatsa ulemu kuposa mapiritsi, ndipo tikatha kumeta ndevu timasakasaka choti chitiwotche kumaso. Mumpingo umenewu ine ndine mkulu, wa mpando wakutsogolo.

Ndimameta ndi lezala, ija yakuthwa uku ndi uku, yogula imodziimodzi pa okala. Musaganize kuti ndimakonda zamakedzana. Mashini ometera amafuna magetsi, ndipo ine ndi magetsi sitipezana pakhomo nthawi imodzi. King Gillette, mkulu wa ku America amene anatchukitsa lezala yotaya ikabuntha, analandira chiphaso cha luso lakelo mu 1904. Maganizo ake anali oti munthu akameta kangapo aitaye, akagule ina. Mkuluyo sanandidziwe ine. Yanga imayamba ndi ndevu, ipite kuzikhadabo, isongole mapensulo a ana, ndipo mwezi ukafika pakati, thumba litapepuka, imabwereranso kuchibwano. Chokhacho chimene sindichita ndi kubwereka ya mnzanga, chifukwa za HIV ndi matenda a chiwindi tonse tinazimva.

Kumetako si nkhani. Madzi ofunda m'kabeseni, thovu la sopo wochapira, kagalasi kosweka kotsamira pakhoma la bafa, basi munthu wasalala. Nkhondo imayamba lezala ikaikidwa pansi.

Tsiku limene ndalemera ndimapita kwa mnyamata wometa kumsika. Akamaliza amatenga kathonje, n'kukaviika mu spiriti uja wofiirira, n'kundipsipsintha nako pakhosi. Moto! Misozi imalengeza, zala zakumapazi zimapindika m'nsapato, koma pabenchi pali amuna anzanga akudikira, ndiye ndimangokhosomola ngati ndakumbuka nkhani ina yofunika.

"Pirirani madala," amatero mnyamatayo, "ndi tizilombo tikufa timeneto."

Ine n'kugwedeza mutu, n'kumuuza awonjezere.

Tizilombo spiriti amaphadi, ndipo pa lezala, pa lumo ndi pa mashini ndiye malo ake. Koma lezala sidula ndevu zokha. Imapalanso kakhungu kapamwamba pamodzi ndi mafuta ake achilengedwe, ndiye spiriti akafika amapeza pakhomo potsegula, n'kuumitsa zotsalazo. Pofika masana chibwano chatuwa mbuu, chikuyabwa, munthu ukukanda mu minibasi anthu n'kumasendera uko.

Pakapita masiku awiri kapena atatu ndiye pamatuluka alendo anga okhulupirika, tiziphuphu ta pansi pa chibwano, tondondozana mpaka pakolala ya shati. Madokotala anatipatsa dzina lalitali kuposa ndevu zanga, pseudofolliculitis barbae, ndipo tiziphuphuti timakonda ife a tsitsi lopotana. Lezala ikadula ndevu pafupi kwambiri imaisiyira nsonga yakuthwa. Ndevuyo pomera siyenda molunjika. Imapindika n'kubwerera kukabaya khungu la mwini wake, ina osatuluka n'komwe, kumangokulira m'kati. Thupi limaiyesa munga, n'kutupa, nthawi zina n'kuchita mafinya. Ndiye taonani: mdani ndi ndevu yanga yomwe, koma ine ndikulipira mnyamata kuti awotche tizilombo. Vutoli n'lalikulu moti kwa zaka zambiri madokotala a asilikali a ku America akhala akulembera asilikali ambiri akuda makalata owalola kusameta kwa kanthawi. Kalata ya dokotala, chifukwa cha ndevu! Ine nditakaonetsa yotereyo kwa abwana anga, angandifunse ngati ndevuzo ndi zimene zizindilipira kumapeto kwa mwezi.

Alangizi ndiye sasowa. Wina akuti paka mankhwala otsukira mano. Wina, makaniko, analumbira kuti mafuta a mabuleki amathetsa zonse, ndipo poona khosi lake ndinamvetsa kuti anathetsadi, khungu lomwe. Wina anandipatsa ufa wometera wosafuna lezala, uja amausakaniza ndi madzi. Ndevu unachotsa bwinobwino, koma fungo lake la mazira ovunda linachotsanso ana m'nyumba, ndipo mayi a kunyumba anayamba kufunsa ngati m'denga mwafera khoswe.

Zimene zimathandizadi n'zochititsa manyazi, chifukwa siziwawa mokwanira. Kuthowa ndevu ndi kansalu ka madzi ofunda usanayambe. Kumeta motsata kumene ndevu zagonera, osakoka khungu, osabwerezabwereza pamalo amodzi. Ukatha, kusamba ndi madzi ozizira, n'kupukuta mogunditsa thaulo, osati kukhula ngati ukutsuka chiwaya. Amene akufunabe kamoto pang'ono, alipo mwala wa alamu, woyera ngati mchere, umene ometa a ku India amaudziwa kuyambira kalekale ndipo umapezeka m'masitolo ena a amwenye. Umaunyowetsa n'kuuyendetsa pamasaya. Umaletsa magazi a timabala ting'onoting'ono, ndipo umaluma pokhapo pamene wadzipala, ngati mphunzitsi wochonga kope. Pakapita kamphindi umatsukapo. Changa chibwano alamu anachichonga chonse, kuchokera khutu ili mpaka ilo.

Chomaliza ndi kudzola, ndipo apa m'pamene ulemu wanga umathera. Ine mafuta anga ndilibe. Mwamuna wa msinkhu wanga sangaime pa okala n'kumafunsa mitengo ya zodzola anyamata a njinga akumva. Ndiye ndimadikira mayi a kunyumba apite kumpopi, n'kulowa kuchipinda, n'kutsegula kabotolo kawo ka Vaseline. Robert Chesebrough, amene anapanga mafutawa kuchokera ku phula lomata zitsulo za pazitsime za mafuta ku Pennsylvania, n'kuwalembetsa mu 1872, ayenera kuti ankaganizira anthu odziwa muyeso. Akuti kadontho kokha n'kokwana, kongotseka chinyezi kuti chisathawe. Koma chala cha wakuba sichiyeza. Ndimatuluka ndikunyezimira ngati mandasi ongovuulidwa kumene, ndipo mwezi wa Okutobala fumbi lonse la mumsewu limandiperekeza mpaka kuntchito.

Dzana mayi a kunyumba anandipeza chala chili m'botolo.

"Abambo, mafuta anga akutha ngati ndikudzoza mudzi wonse. Kodi ndi inu?"

Ndinawafotokozera modekha za ndevu zopindika, za asilikali a ku America, ndi kuti madokotala amati mankhwala enieni n'kuzisiya ndevu zipume milungu ingapo kuti zotsekeredwazo zituluke zokha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundilanda botolo lija, n'kuliika m'chikwama chawo cha ku Mvano chimene chili ndi zipi.

"Zipume Lolemba," anatero. "Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wa achimwene, ndipo inu ndi amene mukalankhule m'malo mwa banja. Mukamete. Spiriti ali pawindopo."